Mkangano wa Magiya a Njinga Unandilowetsa M'ndende

Inu owerenga, ine ndinakhalapo m'ndende osaba kanthu, osamenya munthu, komanso osaonekera pamaso pa woweruza milandu. Chinandipititsa kumeneko ndi mkangano wa njinga. Mwina museka, ndipo sindingakudzudzuleni, chifukwa nanenso wina akadandiuza nthawi imeneyo kuti kukangana za magiya kungamulande munthu ntchito, nyumba ndi mnzake wapamtima, ndikadati waledzera. Koma zinandichitikira, ndipo mbali yaikulu ya tsokalo inatulukira pakamwa panga pomwe. Ndikulemba mtima ukadali wowawa, ndipo sindibisa kuti pali munthu amene mpaka lero ndimadana naye.

Anali masiku a chipani chimodzi. Ndinkakhala ku Ndirande ndi mkazi wanga ndi ana athu awiri, ndipo ndinkagwira ntchito yoyendetsa makina odulira malata pa fakitale ina ku Makata. Mowa sindinkamwa, mpira sunkandikoka. Changa chinali njinga. Anthu ambiri njinga ankaiona ngati chonyamulira makala ndi matumba a chimanga, koma tinalipo kagulu ka amuna amene tinkapalasa chifukwa chongokonda kupalasa. Lamlungu lililonse a kutchalitchi akaweruka, tinkakumana pakhonde pa Che Amidu, telala wachisilamu amene ankasokera pafupi ndi msika wa Ndirande, n'kuuyamba ulendo wopanda katundu, wosapita kumaliro kapena kuukwati. Anthu ankati tili ndi misala. Ife tinalibe nazo ntchito.

Lamlungu lina tinkadzera ku Kameza n'kutsetsereka mpaka ku Chileka kukaona ndege zikutera. Lina tinkalowera ku Lunzu, lina kudutsa ku Bangwe mpaka ku Nguludi, ndipo miyendo ikakhala ndi mphamvu tinkafika ku Bvumbwe. Amene sanapalasepo njinga yopanda katundu pamtsetse wautali sangamvetse. Umangosiya kupalasa, mphepo ikukuwomba kumaso mpaka misozi, tcheni chili chete, ndipo phokoso la makina a fakitale limene lakhala m'mutu sabata yonse limachoka lokha.

Tikabwerako tinkakhalanso pakhonde paja, n'kuitanitsa thobwa kwa amayi ogulitsa pamsika, ndipo apa ndi pamene pankayambira makani. Wina ankati mabuleki a ndodo ndiwo enieni chifukwa saduka, wina ankati a waya amagwira msanga. Tinkakangana za chishalo, kuti chabwino ndi chachikopa chamasipuling'i kapena chopyapyala. Ena ankachotsa madigadi kuti njinga ipepuke, ena ankati njinga yopanda madigadi ili ngati munthu wopanda malaya. Che Amidu ankaumirira kuti tcheni chimafuna mafuta a makina osokera, osati oyilo wakuda wa galimoto amene amakoka fumbi. Makani amenewa anali okoma. Tinkabalalika tikuseka, Lamlungu lotsatira n'kudzayambiranso pomwe tinalekera.

Wamkulu pagulupo anali a Makwinja a ku Bangwe, mesenjala wa pa ofesi ina ku Limbe. Anali munthu wamfupi, wa imvi za apa ndi apo, koma wa miyendo yolimba ngati mitengo. Njinga yawo inali yakuda, yolemera, ya giya imodzi, ndipo ankaipukuta mpaka unkatha kudziyang'anirapo nkhope. Pachitunda panalibe wowapitirira. Iwo ndiwo ankasankha kopita, ndipo anali ndi lamulo lakuti wina akaphulikitsa tayala gulu lonse liime mpaka amate. Ndinene chilungamo, ndi iwo amene anandiphunzitsa kuwongola limu pokunga masipoko. Tinkadziwanso kuti ali ndi kaudindo kunthambi ya chipani kwawoko, ndipo baji sinkachoka pakolala pawo, koma masiku amenewo aliyense ankayenda ndi khadi la chipani m'thumba, choncho sitinkaziganizira kwambiri.

Zinthu zinasintha mlamu wanga atabwerako kumigodi ku Joni. Anabwera ndi njinga yobiriwira, yopepuka, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala opyapyala ndi magiya ambiri osintha ndi kachitsulo ka pafelemu. Atafika nayo kumudzi ku Chiradzulu anapeza kuti ilibe ntchito, chifukwa inalibe kaliyala ndipo sakanatha kunyamulirapo ngakhale thumba la fetereza. Tinangosinthana. Iye anatenga yanga yakale, ine n'kutenga yake.

Lamlungu limene ndinafika nayo pakhonde pa Che Amidu, anzanga anaizungulira ngati mwana wobadwa kumene. Aliyense ankafuna kuigwira. A Makwinja anayamba angokhala pabenchi, kenako anadzuka, anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuiika pansi mokhala ngati akutaya. Anati chimenechi ndi chidole cha ana a azungu, ndipo mwamuna weniweni chitunda amakwera ndi miyendo, osati ndi timawaya. Anawonjezera kuti magiya ndi kuba, chifukwa munthu amafika pamwamba osatuluka thukuta loyenera. Ndinangoseka. Tsiku limenelo tinapita ku Chileka, ndipo pobwerera, pachitunda chokwerera ku Kameza, ndinasintha giya n'kuwadutsa ngati aima. Chiyambire gululo palibe anali atawadutsapo. Titafika pakhonde, thobwa anakana, ndipo anapita kwawo osatsanzika.

Ndikadakhala wanzeru ndikadaona pomwepo kuti munthuyu ndamupweteka pamalo osaoneka. Koma ndinali mnyamata, ndipo kutamandidwa ndi anzanga kunanditsekemera.

Lamlungu lotsatira a Makwinja anasankha msewu wafumbi wodutsa ku Machinjiri, wamiyala yakuthwa ndi makwawa. Ankadziwa chimene ankachita. Matayala anga opyapyala aja sanachedwe kuphulika. Ndinamata, tinayenda pang'ono, linaphulikanso. Ulendo wachitatu zigamba zinandithera, ndipo nditapempha, a Makwinja anauza gulu kuti mwini njinga ya azungu adikire galimoto ya azungu, iwo sangamaime paliponse chifukwa cha chidole. Lamulo lawo lomwe lija analiphwanya ali maso gwa. Anthu anayang'anana, koma anawatsatira. Anatsala ndi ine ndi Che Amidu okha, ndipo tinakankha njinga zathu dzuwa likuswa mtengo mpaka ku Ndirande. M'njira monsemo ndinkangotukwana.

Kuyambira tsiku limenelo gulu linagawikana. Achinyamata anali mbali yanga, achikulire mbali ya a Makwinja. Iwo ankatitcha alesi, ife njinga zawo tinkazitcha zigayo ndi ngolo za ng'ombe. Makani okoma aja anasanduka kunyozana. Munthu akangoti mabuleki a waya ndi abwino, wina ankamufunsa ngati bambo ake anakhalapo ndi njinga. Tsiku lina ndinapeza waya wa magiya anga atadulidwa njinga ili pakhonde pomwepo, ndipo aliyense anati sanaone. Mlungu wotsatira wina wa mbali yanga anapaka gilisi pachishalo cha a Makwinja, buluku lawo loyera n'kuda kumbuyo konse, ndipo ine ndi amene ndinaseka kwambiri kuposa onse. Tinkapalasabe limodzi, koma moni weniweni panalibenso. Pamtsetse tinkapanikizana dala kuti wina alowe m'ngalande.

Che Amidu anayesa kundiletsa. Madzulo ena ndikuchokera kuntchito anandiitana, anaimitsa makina awo, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, munthu uyu mwamulanda kale ulemu wa pachitunda. Musamulandenso wa pamaso pa anthu." Anandikumbutsanso za baji ya pakolala ija. Ndinawayankha kuti zachipani ndi zachipani, zanjinga ndi zanjinga, sizikumana. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kusoka. Mkazi wanga nayenso anandiuza kuti ngati kupalasako kwasanduka ndewu, bwanji osangokhala pakhomo n'kumacheza ndi ana. Ndinamuuza kuti za amuna sangazimve.

M'malo momvera, ndinakonza zoti ndiwachititse manyazi a Makwinja kotheratu. Pamaso pa gulu lonse ndinati ngati tikufuna kudziwa njinga yeniyeni, titsikire msewu wa ku Chikwawa mpaka ku Thabwa, kenako tikwerenso phirilo pobwerera. Aliyense wodziwa msewu umenewo akudziwa kuti ngakhale malole amalira nawo. Ndinkadziwa kuti ndi giya imodzi palibe angakwere osatsika, ndinkadziwanso kuti a Makwinja sangakane anthu akumva. Anavomera, nkhope ili gwa.

Inali nyengo yotentha mvula isanayambe. Tinanyamuka m'mawa, a kutchalitchi n'kujomba. Kutsika kunali kosavuta, kungoti mabuleki ankanunkha. Titapuma pang'ono kumunsiko, m'chitentho chija cha kuchigwa, tinatembenuka. Poyamba a Makwinja anatsogola, akupalasa ataimirira, njinga ikupendekera uku ndi uku. Ine ndinangokhala pachishalo n'kumasintha magiya pang'onopang'ono. Tisanafike ndi pakati pomwe pa phirilo ndinawadutsa. Nditacheuka pakona ina ndinawaona akuyenda mokhotakhota mumsewu kuti achepetse chitunda, kenako anaima, anatsika, n'kuyamba kukankha.

Inu owerenga, pamenepa mpikisano unali utatha, ndipo ndikadangopitirira. Koma ndinatembenuza njinga, n'kutsetserekera pamene anali. Ndinawazungulira ndikuimba likhweru, n'kuwafunsa ngati ndikawaitanire ngolo. Malaya awo anali atanyowa ngati agwera mumtsinje, m'mbali mwa milomo muli thovu loyera, akupuma movutika. Amayi ena amene ankatsika ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kumaseka. A Makwinja anangondiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kukankha.

Pamwamba pa phiri panali kamsika ndi katiyirumu, ndipo tinawadikira pamenepo. Munali anthu ena osawadziwa akumwa tiyi. A Makwinja anafika omaliza, anatsamiritsa njinga pakhoma, n'kukhala pansi. Ine, mtima uli m'mwamba, ndinaimirira ndi kapu m'manja n'kunena mokweza kuti, "Madala, vomerani basi. Giya imodzi yatitopetsa. Chinthu chikakalamba chizipuma, anthu ayeseko zina."

M'tiyirumu monse munangoti zii. Mwini wake anasiya ketulo n'kulowa kuseri. Che Amidu anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma ine ndinaganiza kuti akungondiletsa kunyoza wamkulu. A Makwinja anadzutsa mutu n'kunena mofatsa kuti, "Tabwereza, mphwanga, sindinamve bwino." Ndipo ine chitsiru ndinabwereza, mokwezanso kuposa poyamba, n'kuwonjezera kuti munthu amafunika akhale ndi posankha, osati kumangokakamira chimodzi moyo wonse. Anagwedeza mutu, anamwa tiyi wawo, n'kumwetulira. Panali patapita miyezi ndisanawaone akumwetulira.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti m'mutu mwanga munali njinga yokha. Koma amene anakhalako masiku amenewo akudziwa mmene mawu akuti chimodzi, kukalamba ndi kusintha ankamvekera akanenedwa pagulu, m'dziko la chipani chimodzi lolamulidwa ndi munthu wokalamba. Pobwerera anzanga anapalasa motalikirana nane. Che Amidu anandiuza kuti ngati ndili ndi abale kutali ndipiteko kaye. Ndinawaseka kuti ndi amantha.

Sabata isanathe, m'mawa ndili pamakina, kapitawo anandiuza kuti kugeti kuli alendo anga. Ndinapeza amuna awiri ovala zovala wamba ndi galimoto yopanda chizindikiro. Sanandilole ngakhale kuvula ovolosi. Tinadzera kunyumba, anasanthula paliponse mkazi wanga akulira, ndipo njinga anaiponya kumbuyo kwa galimoto kuti ndi umboni. Sindinaionenso.

Kumene ananditengera sindikutchula. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera n'kundiuza mawu anga aja, onse, osaphonya ngakhale limodzi. Anafuna ndiwauze kuti giya imodzi ndi chiyani, ndipo wokalamba amene ayenera kupumayo ndi ndani. Ndinayamba kufotokoza za tcheni ndi mmene magiya amathandizira pachitunda, ndipo ndisanamalize ndinalandira khofi limene linanditseka khutu la kumanzere mpaka lero. Anati ndisawayese ana. Anafunsa kuti amuna akuluakulu angamayende bwanji mitunda yonseyo opanda katundu ngati sakunyamula mauthenga. Anafunsa amene tinakakumana naye ku Thabwa, pamsewu wolowera kumalire. Anafunsa amene ananditumizira njinga yochokera kunja. Chilichonse chimene tinkachita pongosangalala chinali ndi tanthauzo lina m'kamwa mwawo, ndipo zinali zoonekeratu kuti amene anawauza ankadziwa maulendo athu onse.

Ankandimenya kumapazi ndi paipi, n'kundisiya pasimenti yonyowa, mawa lake n'kuyambiranso. Funso lawo lalikulu linali lakuti misonkhano yathu timachitira kuti ndipo amaitanitsa ndi ndani. Masiku oyamba ndinkangoti kulibe misonkhano. Koma thupi lili ndi polekezera. Tsiku lina, mapazi atatupa moti sindikanatha kuima, ndinati timakumana pakhonde pa Che Amidu. Atandifunsa ngati iwowo ndiwo amaitanitsa anthu, ndinati eya. Ndinkangofuna paipi ija ileke. Inalekadi.

Patapita masiku ochepa, akundipititsa kuchimbudzi, ndinawaona Che Amidu atakhazikidwa pansi m'khonde la nyumbayo, opanda nsapato, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi. Anawatengera pamakina pomwepo. Maso athu anakumana, ine n'kuyang'ana kumbali.

Mlandu sunazengedwe. Anangonditumiza kundende, kumene ndinapeza aphunzitsi, makalaliki ndi alimi, ambiri a iwo osadziwa chimene analakwa. Za nsabwe, nyemba zofumbwa ndi chidebe cha pakona sindinena zambiri, ena anazinena kale. Mvula inagwa n'kutha, inabweranso n'kutha, ine ndili momwemo. Che Amidu anali mbali ina ya ndendeyo, ndipo ndinkangomva kwa ena kuti chifuwa chawavuta chifukwa chogona pasimenti. Kenako ndinamva kuti awatulutsa poopa kuti angafere m'manja mwawo. M'masiku onsewo chimene chinkandipatsa mphamvu sichinali pemphero, ndisaname. Chinali chidani. Ndinkagona ndi nkhope ya a Makwinja, n'kudzuka nayo.

Tsiku lina anangondiitana n'kundiuza kuti ndizipita, ndipo ndikakayerekeza kukamba za kumeneko ndidzabwerera osatulukanso. Nditafika ku Ndirande ndinapeza m'nyumba mwathu muli anthu ena. Mwini nyumba anathamangitsa mkazi wanga mwezi womwe ndinagwidwa, poopa kuti angamuyese wosunga zigawenga. Ndinakamupeza ku Machinjiri kwa mchimwene wake, akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, atawonda moti ndinayamba ndamudutsa. Mwana wathu wamng'ono atandiona anathawira kuseri kwa nyumba. Kufakitale anandiuza pageti pomwepo kuti malo anga analowapo wina. Kulikonse kumene ndinkafunsa ntchito, akangomva kumene ndinali, nkhani inkathera pomwepo. Anzanga opalasa nawo aja, ngakhale amene ankandiombera m'manja ndikamanyoza a Makwinja, akandiona ankawolokera tsidya lina la msewu. Gulu linatha sabata yomwe ndinagwidwa, ndipo ena anagulitsa njinga zawo ndi mantha.

A Makwinja ndinakumana nawo ku Limbe ndikusaka maganyu. Pakhomo la msika panali achinyamata a chipani akuona makhadi, ndipo pampando pambali pawo panakhala iwowo, atavala jekete, udindo utakwera. Ndinafuna kubwerera koma anali atandiona kale. Anandikodola, n'kundigwira dzanja ngati m'bale, achinyamata aja akuonerera.

"Wabwerako, mphwanga? Koma wasinthatu," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Usandiyang'ane choncho. Ine ndinangonena zimene ndinamva. Pakamwa mpako."

Ndinkaona pakhosi pawo, pamene ndikadagwira. Koma ndinavula chipewa, ndinawerama, n'kunena kuti zikomo bambo. Pa zonse zimene ndinakumana nazo, kuphatikizapo paipi ija, palibe chimene chinandinyazitsa ngati zikomo ameneyo.

Chidani chinandifikitsa poipa. Ndinafufuza njira imene a Makwinja ankadzera poweruka, ndipo madzulo ena dzuwa lisanalowe ndinakabisala m'mitengo ya ku Kanjedza ndi chitsulo m'manja. Anatulukiradi, akupalasa pang'onopang'ono, akuimba kanyimbo. Anadutsa pafupi kwambiri moti ndinamva kupuma kwawo. Sindinatuluke. Sikuti ndinawamvera chisoni, ayi. Ndinangoganiza za mkazi wanga pamsewu paja ndi tomato wake, kuti ndikachita zimenezi adzakhala pamenepo moyo wake wonse. Ndinataya chitsulocho m'tchire n'kubwerera ku Machinjiri wapansi, ndikulira ndi ukali.

Kwa Che Amidu ndinachedwa kupitako chifukwa cha manyazi. Nditalimba mtima ndinapeza pakhonde paja pali munthu wina wogulitsa makala. Makina osokera anagulitsidwa iwo ali kundende kuti ana adye. Anthu anandilozera kanyumba kena kumtunda, kufupi ndi phiri. Pakhomo ndinakumana ndi akazi awo, Abiti Saidi, amene anaimirira pakati pa chitseko atandizindikira.

"Lero mwabwera kudzatenga ndani?" anandifunsa.

Mkati munamveka kutsokomola, kenako mawu ofooka akuti andilole ndilowe. Ndinawapeza Che Amidu atagona pamphasa, atatha ngati si iwo, manja aja amene ankalowetsa ulusi pasingano osayang'ana akunjenjemera. Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuti ndine ndinatchula dzina lawo, komanso kuti ndinawanamizira kuti ndiwo ankaitanitsa misonkhano. Anati akudziwa, amene anawagwira anawauza tsiku lomwelo. Kenako, akupuma movutika, anati, "Nanenso anandimenya, achimwene, ndikudziwa mmene zimawawira. Koma ine sindinatchule munthu."

Sanakweze mawu, sananditukwane. Anangotembenukira kukhoma. Ndinatuluka, ndipo sindinawaonenso ali moyo. Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Pamaliro ndinaima kutali, kuseri kwa anthu, ndipo palibe anandipatsa moni.

Moyo wanga sunabwererenso m'malo. Ndinakhala wamaganyu, kenako wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, ndipo ana anga sanaphunzire monga ndinkafunira. Zipani zitachuluka, a Makwinja anavula baji n'kumayenda ngati munthu wina aliyense, mpaka anakhala mkulu wa mpingo kwawo. Sanabwere kudzapepesa kwa ine kapena kubanja la Che Amidu. Atamwalira anthu anandiuza kuti ndipite kumaliro kuti mtima wanga upepuke. Sindinapite, ndipo sindikunamizani kuti ndinawakhululukira. Munthu amene anatenga mkangano wa pachitunda n'kukaupereka kwa anthu a paipi, akudziwa bwino lomwe kuti ndinkanena za njinga, ameneyo akaonane ndi Mulungu wake.

Koma inu owerenga, makamaka achinyamata amene masiku ano ndimakuonani Loweruka m'mawa mutavala zipewa zolimba ndi makabudula othina, mukupalasa m'magulu kulowera ku Chileka, ndimvereni. Kanganani za matayala ndi magiya mmene mungafunire, zimenezo ndiye kukoma kwake. Koma mukaona kuti mnzanu waleka kuseka, lekani. Mukamupitirira pachitunda, kamudikireni pamwamba n'kumupatsa madzi, musabwerere kudzamuzungulira. Munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu sabwezera ndi njinga. Amabwezera ndi chimene ali nacho m'manja, ndipo inu simudziwa kuti ali ndi chiyani. Masiku a chipani chimodzi anatha, koma anthu okhala ndi pokanenera anzawo sanathe. Alipo kuntchito kwanu, kumpingo kwanu, ngakhale m'gulu lanu lomwelo. Ndipo mnzanu akakukokerani pambali n'kukuuzani kuti mwafika patali, mumvereni, chifukwa zikadzavuta woyamba kupweteka akhoza kukhala iyeyo, osati inu.

Abiti Saidi alipobe, akalamba kwambiri, amakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Ndirande komweko. Ndikamapita kukagula zitsulo kumsika ndimawapeza atakhala pakhonde, ndipo nthawi zonse ndimaima, ndimavula chipewa, n'kuwapatsa moni. Sanandiyankhepo ngakhale kamodzi. Amangondiyang'ana mpaka ndichoke. Mkazi wanga amandifunsa chifukwa chimene ndimadzizunzira chonchi pamene pali njira ina yodzera. Ndimamuuza kuti mayi amenewo sakulakwa, ndipo bola akadali moyo, ndizidzera pomwepo.